Mtengo wa maphunziro oyendetsa ndege

Laisensi yoyamba ya woyendetsa ndege, PPL, imafuna maola osachepera 40 mumlengalenga malinga ndi malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse. Ku South Africa, komwe Amalawi ena amakaphunzira, ndi maola 45. Laisensiyi siilola kunyamula anthu molipiritsa, choncho woyendetsa ndege zazing'ono zotula alendo ku Liwonde National Park m'boma la Machinga amafunika kukhala ndi laisensi ya malonda, CPL, ya maola pafupifupi 200.

Ndalama zambiri zimathera pa ola lililonse louluka: mafuta, ndege ndi mphunzitsi. Kwa wachinyamata wa ku Balaka wolipira m'marandi, kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudakweza mtengo kwambiri. Chanzeru n'kuyamba wapimidwa ndi dokotala, kukhoza mayeso olemba, kenako kuuluka pafupipafupi, chifukwa wodukizadukiza amaiwala n'kulipiranso phunziro lomwelo.