Mita ya Fotokope ndi Mlandu wa Mphwathu

Mwezi uno tifuna kukusimbirani zimene zidatigwera pakhomo pathu, kuti ena mwa inu alewe manyazi amene ife tidachita.

Pa msika wa kwathu tili ndi kanyumba m'mene tidaikamo makina a fotokope. Ana a sukulu amadza ndi zolemba zawo, akuluakulu ndi makalata a minda, ndipo timakobidi topezeka pamenepo nditimene timagulira sopo ndi mchere. Woyang'anira makinawo ndi mphwathu, mwana wa mlongo wathu, mnyamata wofatsa amene tidamlera chimwalirire amayi ake. Ntchito yake ndiyo kulandira ndalama ndi kulemba m'buku mapepala onse olipiridwa.

Makina otere ali ndi mita m'kati mwake, yowerenga ntchito yonse imene agwira. Nambala yake imangokwera, ndipo mwini makina sangathe kuibweza m'mbuyo. Tsono pakutha pa mwezi wa February tidafanizira mita ndi buku. Mita idakwera ndi 2,340, koma buku lidanena 1,900. Mapepala 440 adasowa mwini. Mitima yathu idatentha, ndipo madzulo omwewo, pamaso pa ana onse, tidati: "Iwe, ndalama za mapepala awa wadyera kuti?" Mnyamatayo adagwada nati: "Amalume, ine sindidatengepo ngakhale tambala." Ife sitidamvere. Usiku umenewo sadadye nsima, ndipo m'mawa tidaona kuti wamanga zovala zake kuti apite kwa agogo ake.

Mayi wa kunyumba kwathu ndiye adatiletsa nati: "Bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwamfunsa mwanayu, nanga makinawo mwawafunsa?" Motero tidaitana mmisiri wokonza makina wochokera ku boma, ndipo iye sadamasule ngakhale msomali umodzi. Adalemba nambala ya mita pa pepala, najambula mapepala 10 a A4 mbali imodzi: mita idakwera ndi 10. Adajambula ena 10 mbali zonse ziwiri: idakwera ndi 20. Adajambulanso 10 aakulu a A3: idakweranso ndi 20.

Pamenepo adatifotokozera kuti mita siwerenga mapepala monga tiwerengera ife pogula rimu ya mapepala 500, koma iwerenga mbali iliyonse imene yadindidwa. Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 kwa 297, ndipo la A3 ndi la 297 kwa 420, ndiye kuti A4 awiri ogundizana. Chifukwa chake makina ambiri amachoka ku fakitale atakonzedwa kuti aziliwerenga kawiri. Adatiuzanso kuti mita yaikulu iphatikiza zojambula pagalasi pamodzi ndi zosindikiza kuchokera pa kompyuta, ndi kuti chilichonse mwa izi chili ndi nambala yakeyake imene munthu angathe kuiona payokha.

Tidakhala pansi tonse atatu ndi buku lija. Mwezi umenewo aphunzitsi ena adajambulitsa ndandanda za ana pa mapepala 120 a A3, ndipo mnyamata adalemba 120 pamene mita idawerenga 240. Ana a fomu 4 adajambulitsa mapepala 200 mbali zonse ziwiri, iye nalemba 200 pamene mita idawerenga 400. Apo padapezeka 320. Kenaka mphwathu adatulutsa katoni pansi pa tebulo, momwe amasungamo mapepala owonongeka. Nyengo ya dzinja mapepala amayamwa chinyontho, natuluka okwinyika kapena osawerengeka. Wogula salipira, koma mita yawerenga kale. Tidawerenga 70. Adatsala 50. Mmisiri adatsegula nambala ya zosindikiza za pa kompyuta, ndipo onani, idakwera ndi 50 ndendende. Pamenepo tidakumbukira kuti ndife tomwe tidasindikiza makalata 50 oitanira abale ku chiliza cha malemu bambo athu, Loweruka lina mnyamata ali ku chigayo, osalemba m'buku.

Abale, manyazi ake sitingathe kuwasimba. Mbala imene timaifuna sidapezeke, koma padapezeka mkulu wosadziwa kuwerenga kwa makina ake, woiwalanso zochita zake zomwe. Tidasonkhanitsa ana onse amene adamva chinenezo chija, ndipo pamaso pawo tidapepesa kwa mphwathu, pakuti amene wanyozedwa poyera sayenera kupepesedwa m'seri. Iye adati: "Palibe kanthu, amalume," namasula mtolo wake. Komabe akulu adati pepani sapoletsa chilonda, ndipo padapita masabata angapo asanayambe kuseka nafe monga kale.

Mmisiri adafunsa ngati tifuna kuti asinthe makinawo aziwerenga A3 kamodzi. Ife tidakana, pakuti pepala lalikulu limadya inki yambiri, ndipo n'koyenera kuti liwerengedwe kawiri. Chimene tidakonza ndi buku lathu. Tsopano lili ndi mizere isanu: A4 mbali imodzi, A4 mbali ziwiri, A3, zowonongeka, ndi za pakhomo. M'mawa uliwonse mnyamata amalemba nambala ya mita asanajambule kanthu, madzulo timaiwerenganso pamodzi, ndipo ngati pali kusiyana timakufufuza tsiku lomwelo zinthu zisanaiwalike. Mapepala timasunga m'kabati youma, osatsegula rimu yatsopano ina isanathe.

Ambiri a inu mulibe fotokope, koma muli ndi sikelo ya chimanga, mita ya magetsi, kapena buku la banki ya m'mudzi. Manambala akasemphana, yambani mwayesa choyeseracho ndi zinthu khumi zimene mwaziwerenga nokha, ndipo mudzifunse ngati inuyo simudatengeko kanthu osalemba. Pambuyo pake ndi pamene mungaitane mwana kudzamfunsa, ndipo mumfunse muli awiri.