Bondo linalo

Mlongo wanga wamng'ono ali ndi zipsera ziwiri, china pabondo lakumanja, china palakumanzere. Choyambacho inali ngozi. Chachiwiricho ndimadziimba nacho mlandu ndine.

Mtsikanayu anali katswiri womwetsa zigoli m'timu ina ya ntchemberembaye. Tsiku lina analumpha kuwakha mpira, potera bondo lakumanja linapindikira m'kati, ati anangomva kuti thu! ngati chingwe. Adokotala anati waduka ndi mtsempha wa pakati pa bondo, wolumikiza fupa la ntchafu ndi la msongolo, umene iwo amautcha ACL. Ukaduka chotere, kawirikawiri amachita kutenga mtsempha wina wa mwendo womwewo nkukauika pamalopo. Kuti opaleshoni itheke, amayi anagulitsa poloti yawo, ine ndinalowa katapila.

Patatha miyezi 6 aphunzitsi a timu anayamba kumufunsafunsa. Mafizo anali atasiya kalekale kaamba ka ndalama ya minibasi.

"Achimwene, mwendowu sunakhwime," anatero.

"Iwe, ndalama zonse zija tinatayira kuti uzikhala pakhonde?" ndinayankha motero ine, munthu wa dipuloma.

Ndinamugulira pakaunjika lamba womanga bondo, ndipo tonse maso anali pa bondo losokedwalo. Pa masewero ake achitatu linaduka ndi linalo, lakumanzere, lomwe palibe ankaliganizira.

Nkhani za ofufuza ndinaziwerenga madzi atafika kale m'khosi. Zoti asungwana amaduka mtsempha umenewu kuposa anyamata, kawiri kapena kuposa apo pa masewero ofanana, nzodziwika kale. Chimene chinandisowetsa tulo ndi kafukufuku wa Mark Paterno ndi anzake ku Cincinnati, wa mu 2014. Mwa osewera achinyamata 78 amene anabwerera m'bwalo atachitidwa opaleshoni, pafupifupi atatu mwa khumi alionse anadukanso zaka ziwiri zisanathe, ndipo kwa asungwana bondo lodukalo kawirikawiri linali linzake lija, losasokedwa. Ku Melbourne, Kate Webster ndi Julian Feller anapeza mu 2016 kuti kuduka kwa mtsempha wosokedwawo kumachuluka mwa anyamata osakwana zaka 18. Tsono taonani: mnyamata amadula pomwe anasokedwa, mtsikana amakonda kudula kwinako. Ine lamba wanga ndinamanga bondo lolakwika.

Zifukwa amatchula zingapo. Asungwana ambiri amatera miyendo ili chiwongokere, mawondo akulozana, ndipo minofu ya kuseri kwa ntchafu imachepa mphamvu poyerekeza ndi ya kutsogolo. Wochitidwa opaleshoni naye amateteza mwendo wodwalawo mosadziwa, katundu yense nkumasenzetsa wabwinowo. Onjezanipo lamulo la ntchemberembaye lakuti ukawakha mpira uime pomwepo, pabwalo la simenti. Koma ine sindikhutira ndi zonamizira chilengedwe chokha. Ndi matimu angati a asungwana amene ali ndi munthu wa mafizo? Kafukufuku wa ku Oslo ndi Delaware wa mu 2016 anasonyeza kuti mwezi ulionse umene wosewera wadikira, mpaka kufika miyezi 9, chiopsezo chimatsika ndi theka. Mlongo wanga ndinamubera miyezi itatu.

Mwai Kumwenda anaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens. Mpikisano wa dziko lonse wa ku Liverpool mu 2019 unamudutsa, iye ali phee kulimbitsa mwendo pafupifupi chaka chathunthu. Mu 2020 Vixens inatenga chikho, ndipo iyeyo ndiye anasankhidwa wosewera bwino koposa pa ndime yomaliza. Tsiku limenelo mlongo wanga anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, atatsamira ndodo.

Panopa amagulitsa zitenje mumsika. Loweruka amapita kubwalo la sukulu ina kukaphunzitsa tiasungwana kutera atapinda mawondo, miyendo yonse iwiri, mobwerezabwereza mpaka tidandaule. Za mawu anga aja sanandikumbutsepo. M'mwezi wa June kukazizira amangoti, "Achimwene, lero onse awiri akuyankhula." Lamba uja akadali m'sutikesi mwanga.