KAPINI KA M'THUMBA MWANGA

Anzanga, tikabwera kuchokera ku tchuthi aliyense amakhala ndi nkhani yake. Ena amasimba za mpira, ena za ukwati wa achemwali awo. Yanga ine ndi ya kachitsulo kochepa ngati kamtengo ka machesi, koma komwe kadandisowetsa tulo usiku wonse.

Kuseri kwa nyumba ya agogo anga aamuna ku Dedza kudali kalavani. Sindikunena kalavani ya lole yonyamula fodya ayi, koma ija yogonamo anthu: kanyumba ka matayala awiri kokhala ndi mawindo, bedi ndi makabati, kochita kukokedwa ndi galimoto. Agogo adagwira ntchito ya umakaniko ku Bulawayo zaka zambiri. Bwana wawo pochoka m'dzikomo mu 1980, chaka chomwe Zimbabwe idalandira ufulu, adawasiyira kalavaniyo. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ndipo msewu wodzera ku Tete utayamba kuyendeka popanda mantha, agogo adabwerera kwawo akuikoka pambuyo. Chifikire, idangokhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Ife adzukulu tidakulira kusewera m'menemo, ndipo malemu agogo aakazi ankasungiramo mbewu ya kachewere.

Chaka chino kumunda sikudayende bwino, ndipo fizi yanga ndi ya mlongo wanga idasowa kochokera. Mwamwayi mkulu wina yemwe ali ndi malo ogona alendo ku Senga Bay adamva za kalavaniyo. Iye adati agula, pokhapokha ifike kunyanjako ikuyenda ndi matayala ake. Agogo adakhala duu kwa masiku awiri, kenaka adavomera.

M'mawa mwake adandiitana. "Mdzukulu, tenga jeke. Tione ngati nkhalamba inzangayi idakali ndi miyendo."

Tidaika jeke pansi pa chitsulo cha chasisi n'kuyamba kukweza. Agogo adandiuza kuti maso anga akhale pa tayala. Thupi la kalavani litangonyamuka, tayala nalo lidanyamukira limodzi, osatsalirako pansi ngakhale pang'ono. Agogo adapukusa mutu nati, "Ekisilo yatha."

Mwina ena simudziwa ekisilo. Ndi chitsulo chija chopingasa kunsi, chomwe matayala amazungulira kunsonga zake. Makalavani ena ali ndi masipuling'i osanjikiza ngati a lole, koma yathuyi idali ya mtundu wina. Ekisilo yake ndi paipi ya ngodya zinayi. M'kati mwake muli chitsulo china, ndipo m'ngodya zinayizo adapanikizamo mphira zinayi zazitali. Chitsulo cham'katicho chili ndi kamkono kunsonga zonse ziwiri, komwe kamagwira tayala. Tayala likagunda bampu, kamkono kamakwera, chitsulo chimapotoka n'kufinya mphira, ndipo mphirazo zimachibweza. Zikakalamba zimauma gwa, makamaka kalavani ikakhala zaka zambiri osayenda, kulemera kuli malo amodzimodzi. Zikatero kalavani imakhala yonyonyomala, ndipo bampu iliyonse imalowa m'thupi mwake: makabati amatseguka okha, misomali imazuka, makoma amang'aluka. Mphirazi amazilowetsa ndi makina ku fakitale, kotero pakhomo palibe chomwe mungachite koma kusintha ekisilo yonse.

Tsiku limenelo lidathera kuyeza. Tidayeza kuchokera pomwe limu imagona mbali ina kufika mbali inzake, tidayeza mpata wa pakati pa zitsulo zomangira ku chasisi, tidawerenga mabawuti a tayala ndi kutalikirana kwake, ndipo pa kachitsulo kodindidwa kutsogolo tidapeza kulemera komwe kalavaniyo imaloledwa kusenza. Agogo ankandiyezetsa chilichonse kawiri ndisanalembe. Pepalalo adapatsa mnzawo woyendetsa lole zopita ku Johannesburg, pamodzi ndi ndalama zomwe wogula uja adaperekako poyamba. Patatha milungu itatu ekisilo yatsopano idafika, ndi matayala awiri.

Kuchotsa yakale sikudali masewera. Choyamba tidasanja zipika za mtengo wouma pansi pa chasisi, kutsogolo ndi kumbuyo, pakuti agogo salola munthu kulowa kunsi kwa chinthu chotsamira pa jeke yokha. Amati jeke ndi mlendo, amachoka osatsazika. Mabawuti adali atadyana ndi dzimbiri. Tidawathira palafini wosakaniza ndi oyilo madzulo atatu otsatizana, komabe awiri adakaniratu mpaka tidachita kuwadula ndi sowo. Yatsopano tidaikweza ndi thandizo la amalume, ndipo tisanalimbitse mabawuti tidakoka chingwe kuchokera pa chokolera cha kutsogolo kufika kunsonga iliyonse ya ekisilo. Mbali ziwirizi zikasiyana, kalavani imayenda chammbali ngati nkhanu, n'kumadya matayala.

Loweruka masana kudatsala kumanga mahabu. Agogo adandionetsa ku tayala la kumanja. M'habu muli mabering'i awiri a timiyala tachitsulo topendekeka, mtundu womwe Henry Timken wa ku America adalembetsa kuti ndi luso lake mu 1898. Umaika girizi pachikhatho n'kumakanikizira bering'i mpaka girizi atatulukira mbali ina. Ukalowetsa habu ndi washala, umamanga nati uku ukuzunguza habuyo, kenaka umamasula pang'ono n'kumanganso ndi zala zokha, chifukwa ukalimbitsa kwambiri bering'i imatentha n'kupsa. Natiyo ili ndi mano pamutu pake. Umalunjikitsa mpata wa manowo pa kabowo ka ekisilo, n'kulowetsa kapini ka miyendo iwiri, n'kupinda miyendoyo. Pomaliza umakhomera chivindikiro chotchinga fumbi.

Atatha kumanjako, agogo adagwira msana wawo. "Mdzukulu, waona zonse. Kumanzere ndi kwako." Amalume adaseka nati, "Bambo, manja a ana a sukuluwa adazolowera cholembera chokha." Mau amenewa adandilasa, ndipo ndidatsimikiza mumtima kuti ndiwaonetsa.

Ndidachita zonse mwa dongosolo lake. Kapini ndidakaika m'thumba la kabudula poopa kuti kangatayike m'fumbi. Ndili pakati pomanga nati, anzanga adafika pa mpanda kudzanditenga kuti tikaonere mpira pa kanema kumsika. Ndidakhomera chivindikiro msangamsanga, n'kumanga tayala, n'kusamba m'manja. Agogo ali pakhonde adafunsa, "Zonse zatheka?" Ine ndidati, "Zatheka, agogo."

Usiku povula kabudula, china chake chidandibaya pantchafu. Nditapisa dzanja, mtima udangoti myu! Kadali kapini kaja.

Ulendo udali wa mbandakucha wa Lolemba, koma agogo adali atatsekera kale zitsulo zonse m'chipinda chawo, kotero kukonza mobisa sikukadatheka. Maganizo oipa adayamba kundinong'oneza. Nati ndamanga, washala alipo, nanga kachitsulo kotere kangagwire chiyani? Ndikangokaponya m'chimbudzi adziwa ndani? Ndidaganiza za kuseka kwa amalume, ndi nkhope ya agogo omwe adandikhulupirira. Koma ndidakumbukiranso zomwe agogowo adanena masana: tayala la kumanzere, poyenda chamtsogolo, limazungulira mbali yomwe nati imamasukira. Popanda pini, kugwedezeka kwa msewu kungathe kuimasula pang'onopang'ono mpaka habu yonse itavuka pamodzi ndi tayala. Tsono njira yathu idali yotsika phiri la Khwekhwelere kupita ku Golomoti, msewu wokhotakhota wokhala ndi maphompho m'mbali. M'maso mwanga ndinkaona tayala likugudubuzika lokha kulunjika amayi osenza nkhuni, kalavani ikukokera galimoto ya amalume kuphompho, agogo ali m'katimo. Tambala woyamba adalira ndisanatseke chikope.

Lamulungu m'mawa ndidapeza agogo akuwotha dzuwa ndi kapu ya tiyi. Ndidagwada, n'kutambasula dzanja. Pakamwa padauma, koma ndidakwanitsa kunena kuti, "Agogo, dzulo ndidakunamizani. Aka n'ka kumanzere."

Adakayang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira mkalipo, koma iwo adangopisa m'thumba n'kundipatsa kiyi wa chipinda. Titabwera kutchalitchi ndidavula tayala, n'kutsegula chivindikiro, n'kulowetsa pini, n'kupinda miyendo yake iwo akuona. Nditatha adati, "Tsopano tsegulanso kumanja."

"Koma kumanja mudamanga ndinu, agogo."

"N'chifukwa chake ndikuti tsegula. Ukuyesa ine sindidaiwalepo? Makaniko woiwala amakhululukidwa, mdzukulu. Woopsa ndi uja wobisa, pakuti zomwe wabisa pansi pa chivindikiro msewu umakaziululira pa anthu osalakwa."

Kumanjako pini idalimo bwinobwino. Amalume sadaseke. Adangondipatsira sipanala.

Lolemba tidanyamuka kusanache. Titayenda makilomita ngati 50 tidaima, n'kulimbitsanso manati a matayala, ndipo agogo adandiuza kuti ndigwire mahabu onse awiri ndi kuseri kwa dzanja. Adali ofunda pang'ono chabe, monga ayenera kukhalira. Khwekhwelere tidatsika ndi giya yaikulu, kalavani ikutilondola mofatsa ngati ng'ombe yozolowera goli. Ku Golomoti tidakhotera kumpoto mu msewu wa M5, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tidali ku Senga Bay.

Wogula atawerenga ndalama, agogo adalowa m'kalavani okha n'kutseka chitseko. Adakhalamo kanthawi ndithu. Potuluka adasisita khoma lake kawiri, ndipo pobwerera sadayankhule mpaka pa Salima. Ndalama zimenezo ndizo zandibweza pakati panu teremu ino, ndipo mlongo wanga naye ali m'kalasi.

Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Ine manyazi anga akadapha ena, osati ine ndekha. Choncho mnzanga, ukadzapisa m'thumba usiku n'kupezamo kapini komwe kadayenera kukhala kwina, usadzadikire kuti msewu ukunenere. Kagogode pachitseko kudakali m'mawa.