Msonkho wa Khonsolo ndi Malire Ake: Za ku Joni ndi za Kwathu ku Dedza

Abale anga a ku Dedza, inu amene muli kumudzi pamodzi ndi inu amene mudabalalika monga ine m'maiko a eni, ndikupemphani kuti mundibwereke makutu pa nkhani imene ambiri amaiyesa ya alembi a m'maofesi okha, chikhalirecho ikhudza mayi aliyense woyala mbatatesi pa Bembeke ndi bambo aliyense womanga nyumba ya malata pa boma. Ndiyo nkhani ya msonkho wa khonsolo: amene amausenza ndani, ndipo ukaperekedwa umakathera kuti.

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yosamalira bwalo ndi maluwa pa nyumba ina ku Sandton, koma kogona kwanga ndi ku Alexandra, tsidya lina la msewu waukulu wa M1. Ndipo ngakhale malo awiriwa ayandikana kotero kuti ambiri a ife timapita ku ntchito pansi, mbiri ya chuma chawo idakhala yolekana zaka zambirimbiri. Alexandra idayamba mu 1912 ngati malo a anthu akuda, pomwe Sandton idakhala ndi khonsolo yakeyake mu 1969. M'masiku a tsankho, masitolo aakulu, mabanki ndi maofesi zinali ku madera a azungu, chotero munthu wa ku Soweto kapena ku Alexandra, amene ankalawira mbandakucha kukakhetsa thukuta mumzinda, nagulanso ufa ndi zovala za ana ake m'masitolo a komweko, ankalemeretsa khonsolo imene sinkamuwerengera, pakuti msonkho wa nyumba zamalondazo unkakonza misewu ndi kuyatsa nyali za kumene iye sankaloledwa kugona. Madera a anthu akuda ankayendetsedwa ndi ndalama za lendi ndi phindu la mowa wogulitsidwa m'nyumba zomwera za boma. Pamene makhonsolo a anthu akuda, amene boma la tsankho lidawakhazikitsa ndi lamulo la 1982, adayamba kukweza lendi popeza adalibe kwina kotapa, anthu a ku Soweto adaleka kulipira mu 1986, nafuula kuti mzinda ndi umodzi, ndipo thumba lake la msonkho likhalenso limodzi.

Ufulu utabwera, zimene adafuulazo zidayesedwa pa moto. Mu 1996 akuluakulu atsopano a mzinda adalinganiza msonkho wa malo m'madera onse, nalamula kuti mbali zolemera za kumpoto ndi kum'mawa zithandize mbali zosauka za kumwera ndi kumadzulo. Ndipo ku Sandton, kumene anthu adazolowera kulipira pang'ono chifukwa khonsolo yawo inali ndi olemera ambiri ndi osauka ochepa, msonkho udakwera mwadzidzidzi, kwa ambiri kuposa kawiri. Tsono eni nyumba a ku Sandton nawonso adanyanyala kulipira, monga adachitira a ku Soweto zaka khumi m'mbuyo mwake, ndipo makampani aakulu, motsogozedwa ndi Fedsure Life, adakasuma. Mlanduwo udafika ku bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, limene mu 1998 silidaugwetse msonkhowo. Mu December 2000 makhonsolo onse adaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi ya mzinda wa Johannesburg. Ine ndiyesa kuti odandaulawo anali ndi chifukwa podandaula za liwiro la kukwezako, pakuti katundu wolemera sasenzetsa munthu modzidzimutsa. Koma pa muzu wa nkhani adalakwa, popeza malire ojambulidwa pa pepala sangamasule munthu ku mangawa amene ali nawo kwa iwo omuphikira, omuchapira ndi omulondera usiku.

Lero, mwa lamulo la 2004, nyumba iliyonse ndi malo alionse zimayesedwa mtengo umene zingagulidwe, ndipo mitengoyo imalembedwa m'kaundula amene amaikidwa poyera kuti woona kuti amuonjezera akadandaule. Gawo loyamba la mtengo wa nyumba yogonamo silikhomeredwa msonkho, okalamba opeza movutika amachepetseredwa, ndipo wa nyumba yaikulu amapereka zambiri kuposa wa nyumba yaing'ono. Mwezi ndi mwezi mwini nyumba amalandira kalata yosonyeza za msonkho wa malo, za zinyalala, za madzi ndi za zimbudzi, chilichonse pa mzere wake. Chaka cha ndalama chimayamba pa 1 July, koma miyezi itatu chisanayambe bajeti imalengezedwa kuti anthu aione ndi kuitsutsa.

Musaganize, abale anga, kuti ndikukusimbirani za Kenani. Mu 2001 Pulezidenti Thabo Mbeki adalengeza ntchito yokonzanso Alexandra ya ndalama zokwana R1.3 biliyoni, komabe mu April 2019 anthu a kumeneko adatseka misewu polirira nyumba, zinyalala zosawoledwa ndi kuthithikana; mtsinje wa Jukskei ukadzaza umakokololabe zisakasa za osauka, mipope imauma masiku angapo ngakhale ku madera a olemera, ndipo misewu yambiri yakumbika. Thumba limodzi silipindula kanthu likagwidwa ndi akapitawo osakhulupirika. Chimene ndichitira umboni n'chakuti katunduyo adaikidwa pa phewa loyenera, ndiponso kuti wolipira ali ndi pepala m'manja limene angapite nalo kukafunsa.

Titembenukire kwathu tsopano. Mu 1998 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, imene idalonjeza kuti makhonsolo azilandira magawo osachepera 5 pa 100 alionse a ndalama zimene boma limatolera. Makhansala adasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala lopanda makhansala kufikira chisankho cha 2014, zaka zisanu ndi zinayi zimene munthu wamba adalibe womutuma ku khonsolo. M'zaka zomwezo khonsolo ya tauni ya Dedza idaphatikizidwa ndi ya boma lonse, kotero kuti thumba limodzi limene a ku Soweto adalimenyera nkhondo ife tidalilandira popanda kulipempha. Koma thumbalo liyenera kutumikira anthu oposa 830,000, monga mwa kalembera wa 2018, kuyambira m'mapiri a kwa Kaphuka ndi kwa Kachere kufikira ku chigwa cha Mtakataka ndi Golomoti kwa Kachindamoto. Ndipo zambiri zolowamo zimachokera ku Lilongwe zitamangidwa kale mfundo, izi za zipatala, izi za sukulu, izi za ulimi, zimene khonsolo singazimasule kuti imangire denga la msika.

Taonani chuma chimene chimadutsa m'boma lathu. Magalimoto aakulu olowa pa chipata cha Dedza kuchokera ku Mozambique amalipira kasitomu ku bungwe la MRA. Odutsa pa zipata za Kalinyeke, zimene zidatsegulidwa mu 2022, amalipira ku Roads Fund Administration. Mbatatesi, kabichi, nyemba ndi tomato za m'madimba mwathu zimakwezedwa pa malole usiku, nizikagulitsidwa mtengo wabwino m'misika ya Lilongwe ndi Blantyre. Sindinena kuti n'kulakwa, pakuti msewu wa dziko lonse uyenera kukonzedwa ndi thumba la dziko lonse. Ndingonena kuti zonsezi zikapita, dzanja la khonsolo limatsala ndi ziphaso za malonda, msonkho wa nyumba wa m'dera lochepa limene lamulo lidalola kukhomeramo, ndi matikiti a pamsika. Ndipo mwa zitatuzi, chosavuta kutolera ndi tikiti, chifukwa mayi woyala malonda pansi alibe loya, alibe mpanda, alibe kothawira.

Mlongo wanga amagulitsa ndiwo zamasamba pa msika wina wa m'mbali mwa msewu. Wodula matikiti amafika m'mawa iye asanagulitse ngakhale mulu umodzi, ndipo ndalamayo ndi yomweyo tsiku la malonda ndi tsiku lobwerera ndi katundu wofota. M'chisanu cha June ndi July, chimene aliyense wobadwira pansi pa phiri la Dedza achidziwa m'mafupa mwake, iye amakhala pa mtetete; mvula ikagwa amafunditsa malonda chitenje chake, ndipo chimbudzi chimene tikitiyo ikadasamalira n'chosalowamo munthu. Mukaonkhetsa matikiti a chaka chathunthu n'kuwayerekeza ndi kampamba kake, mudzapeza kuti iye, monga wamasiye uja wa m'Baibulo wa tindalama tiwiri, waponya gawo lalikulu la zimene ali nazo kuposa mwini sitolo ya njerwa zootcha amene adamanga pa malo a mfumu kunja kwa malire okhomera msonkho. Chimenechi chimandiwawa mtima, ndipo sindichita manyazi kunena.

Matenda a Sandton wakale ayambanso kuoneka m'mphepete mwa Lilongwe. M'kati mwa mzinda, Mtandire wayang'anizana ndi Area 47 monga Alexandra ayang'anizana ndi Sandton. Ndipo kunja kwa malire, mukamabwera ndi msewu wa ku Dedza cha ku Nathenje ndi Nanjiri, mudzaona nyumba zikuluzikulu za mipanda zomangidwa pa malo ogula kwa eni minda, zimene eni ake amagwira ntchito mumzinda, nayenda pa misewu ya mzinda tsiku ndi tsiku, koma city rates sawadziwa, pakuti pa pepala iwo ndi anthu a kumudzi. Khonsolo ya mzinda imalira kuti ndalama sizikwana, khonsolo ya boma siingawakhomere, ndipo wotsala kulipira ndi wa pamsika yemwe uja.

Ndidziwa chifukwa chake mawu akuti msonkho amatiwawa m'makutu. Makolo athu adakhomeredwa msonkho wa nyumba kuyambira masiku a mtsamunda Harry Johnston, msonkho wosayang'ana kuti m'nkhokwe muli chiyani. Ndiwo udathamangitsa amuna ku minda ya azungu, ku Salisbury ndi ku migodi ya Joni kudzera kwa Wenela, ena mpaka kukhala matchona osabwereranso. Koma msonkho woyesa mtengo wa nyumba ndi wa mtundu wina, pakuti umadumpha kanyumba ka udzu ka agogo, nukagogoda pa nyumba yosanja, pa malo ogona alendo, pa chigayo ndi pa mosungira katundu. Ndipo pakati pa eni zinthu zotere tilipo ife a ku Joni, amene timatumiza ndalama za simenti ndi malata mwezi ndi mwezi, ndi kumanga mashopu pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Lobi ndi pa Mayani. Kuno timalipira khonsolo ya eni dziko kudzera mu lendi ndi m'magetsi popanda kutsutsa. Si chilungamo kuti kwathu tikhale oyamba kubisala. Walira mvula walira matope: tikafuna misewu yosalala ndi misika yaukhondo, tivomerenso mtengo wake.

Chotero pempho langa kwa makhansala athu, kwa aphungu, ndi kwa mafumu athu olemekezeka amene amakhala nawo pa zokambirana za khonsolo, ndi ili: nyumba zamalonda za pa boma ndi za m'malo onse aakulu a malonda ziyesedwe mtengo ndi kulembedwa m'kaundula woonekera kwa onse, pa chipata cha msika uliwonse pakhomedwe pepala mwezi ndi mwezi losonyeza ndalama zimene zatoleredwa ndi ntchito imene zagwira, ndipo gawo lodziwika la matikiti litsale pa msika pomwe latoleredwa kufikira utakhala ndi denga, madzi ndi chimbudzi. Inu abale anzanga a kuno ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town, mukapita kumudzi pa Khirisimasi musathere pa kuyendera maziko a nyumba zanu. Mukafunse khansala wa dera lanu kuti bajeti ya khonsolo imawerengedwa liti, ndipo mumuuze kuti kaundulayo akadzatsegulidwa, ife tili okonzeka kulembetsa nyumba zathu poyamba.