Bwenzi la Usiku pa Liwiro Lalitali

Ku America, m'cigawo ca California, kuli mpikisano wa liwiro wochedwa Western States, umene umacitika caka ndi caka m'mwezi wa June. Othamanga amanyamuka ku Olympic Valley mbandakuca, nadzera m'mapiri a Sierra Nevada ndi m'zigwa zotentha, kufikira mzinda wa Auburn. Mtunda wace ndi mailosi 100, ndiwo makilomita 161, woposa ulendo wocokera ku Lusaka kufika ku Kabwe. Gordy Ainsleigh ndiye anayamba kuutha ndi miyendo m'caka ca 1974, napikisana ndi okwera pa akavalo kwa maora 23 ndi mphindi 42. Masiku ano munthu ayenera kufika asanathe maora 30.

Dzina langa litagwera pa maere a olowa mpikisanowo, ndinayamba msanga kufuna ondithandiza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Othandiza ali a mitundu iwiri. Ena amatsogola pa galimoto kukadikira pa malo oikika, ali ndi cakudya, madzi, masokosi ouma ndi nyali. Ena ndiwo operekeza, amene amathamanga nawe kuyambira ku Foresthill, pa mailosi 62, kumene ambiri amafika dzuwa litapendeka kapena litalowa. Lamulo likuti woperekeza akhale mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo asakunyamulire kanthu.

Za pa galimoto ndinapempha mlongo wanga, cifukwa adziwa cimene mimba yanga imalandira. Kusankha woperekeza ndiko kunabvuta. Mnyamata wina waliwiro ngati mphoyo anadzipereka, koma anali asanathamangepo usiku, ndiponso sanandionepo nditalema. Ndinamthokoza, ndi kukapempha bambo wina wacikulire, woyenda mwa pang'ono, amene anathapo mpikisanowo kawiri. Miyezi itatu tinayesera pamodzi mumdima. Tinapangananso mau awa: ndikangodandaula, asandimvere; koma ndikayamba kubwebweta kapena kudzandira, akanene kwa anamwino, ngakhale ine ndikane.

Pangano limeneli linayesedwa pa mailosi 78, titaoloka mtsinje wa American pakati pa usiku. Miyendo inauma ngati nkhuni, ndipo ndinakhala pamwala ndi kunena kuti ulendo wathera pomwepo. Mkuluyo anandiunika m'maso, nandifunsa dzina la mudzi wa amai anga ndi mailosi otsala. Nditayankha bwino, anati, "Acimwene, mutu wanu uli bwino, yalema ndi miyendo cabe. Turutsani mbatata m'thumba lanu mudye, ndipo tifike pa mtengo uwo." Titafika pamtengopo analoza wina. Motero tinawerenga mitengo kufikira kunaca, ndipo tinalowa mu Auburn litatsala ola limodzi.

Mnyamata uja akadandikoka ndi liwiro lace, ndikadagwa. Wina wacifundo copambana akadandilola kugona pamwalapo. Cimene cinandifikitsa ndi munthu wodziwa kusiyanitsa kulema ndi kudwala. Inunso ana, posankha mnzanu wa ulendo wobvuta, musayang'ane miyendo yokha. Funani amene akudziwani bwino, ndi wosaopa kukuuzani zoona. Ndipo tsiku lace likadza, mukamperekeze iyenso, pakuti mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.