Mbale za Alendo ku Mpanshya

Basi yochokera ku Lusaka itangodutsa Chongwe, msewu wa Great East unayamba kukhotakhota m'mapiri, matumba a makala ali ndandanda m'mbali. Tinapitirira Chinyunyu, kwa akasupe a madzi otentha, ndipo pofika pamphambano ya Mpanshya miyendo inali itachita dzanzi. Kuno ndi ku Rufunsa, dziko la Asoli, boma lomwe linapatulidwa ku Chongwe mu 2013.

Pamsika panali fungo la nsomba zouma ndi utsi wa chimanga chootcha. Mbale yapulasitiki ankagulitsa K10, yamalata K25, mphika wadothi K40. Ndinalowa kanjira kafumbi, dzuwa likuswa mtengo, mpaka pakhomo pa ambuya ena amene ndinamva kuti amasunga mbale zakale.

“Lowa mdzukulu wanga, udzionere wekha,” anatero akutsegula kabati.

Ndinanyamula imodzi. Kulemera kwake! Inali yoyera ngati mkaka, yochindikala m'mphepete, ndipo nditaigogoda ndi chala inalira ngwee. Kunsi kunali chidindo cha mkango ndi mawu oti Ironstone China, England. Mbale zamtunduwu zinatchuka ku Staffordshire Charles James Mason atalembetsa kapangidwe kake mu 1813. Ndi dothi lootchedwa pamoto waukali kuti lisasweke msanga, ndipo mafakitale ankazitumiza zambirimbiri kumayiko akutali. Ambuya anati malemu amuna awo anabwera nazo kuchokera kutauni kumene ankagwira ntchito yophika.

Ina inali ndi timing'alu tofiirira ponseponse. Imeneyo sadyeramo, amangoikamo mazira. Amachita bwino, chifukwa mafuta amalowa m'timing'aluto osachokanso, komanso utoto wonyezimira wa mbale zina zakale umakhala ndi mtovu.

Panja, pafupi ndi mafuwa, panali nkhali yakuda ndi mwaye, khosi lake lili ndi timadontho todindidwa m'mizere. Zokongoletsa zotere akatswiri ofukula zakale, monga David Phillipson, amaziika mu mwambo woumba wa Luangwa, umene amayi akum'mawa kwa Zambia akhala akupatsirana kwa zaka pafupifupi 1,000. Nkhaliyo imagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mbale zoyera zimatuluka kukabwera mlendo, pa Khirisimasi kapena pachinkhoswe.

Tsikulo mlendo ndinali ine. Nsima inabwera m'mbale yolemerayo, nkhwani wotendera m'kambale kamalata, ndipo mpaka mbamu yomaliza nsimayo inali yofundabe.

Ambuya anati anthu ena ogula zakale anafunapo mbalezi, iwo anakana. Ndikugwirizana nawo. Amene muli nazo kwanu, zitsukeni ndi madzi ofunda popanda kukwecha ndi mchenga, dyeranimo zopanda ming'alu, ndipo funsani akuluakulu akadali moyo kuti zinafika bwanji pakhomopo.