Owerenga akuchedwetsana okha

Mafoni a Android amene timatumizira ndalama pa mabooth a Airtel Money ndi MTN kuno ku Kamushanga onse ali ndi Linux m'kati. Mu kernel yake muli loko yotchedwa rwlock: owerenga deta amalowa ambiri nthawi imodzi, wolemba amalowa yekha. Zikumveka bwino, koma wowerenga aliyense polowa amawonjezera pa nambala imodzi, potuluka n'kuchotsapo. Nambalayo ili pa cache line imodzi, ndiye imangolandiranidwa pakati pa ma core ngati bolopeni imodzi imene mzere wonse ukuidikira kuti usayine. Wolemba kulibe n'komwe, koma owerenga akuchedwetsana okha.

Ena anganene kuti foni ya ma core 8 singamve zimenezi. N'zoona, siimva kwambiri, koma kernel yomweyi imayendetsanso ma seva a ma core makumimakumi, ndipo ma core akachuluka vutoli limakula. N'chifukwa chake ndimaona kuti njira ina yotchedwa RCU, imene inalowa mu Linux mu 2002 ndi khama la Paul McKenney ndi anzake, inalondola. Mu RCU wowerenga sakhudza nambala yogawana. Wolemba amakonza kope latsopano, n'kudikira owerenga akale amalize asanafafanize lakale. Inde, wolemba ndiye amavutika, ndipo memory imadyeka. Koma pa deta yowerengedwa kawirikawiri n'kusinthidwa mwa apo ndi apo, mtolowo uyenera kukhala kwa wolemba basi.

Anzanga a kompyuta ku Mulungushi University, mukuona malo amene rwlock ikadali yoposa RCU?